Kukonzekera chaka chodzipereka m'sukulu za ana osowa ku America

Ku United States, wachinyamata wofuna kuthera chaka chathunthu akuthandiza ana m'sukulu za m'madera osauka akhoza kulowera ku City Year, bungwe limene Michael Brown ndi Alan Khazei analiyambitsa ku Boston mu 1988. Anthu ake amatumikira kudzera mu AmeriCorps, ndondomeko ya boma imene inakhazikitsidwa mu 1993 pa ulamuliro wa Bill Clinton. Dzina la City Year linafikanso ku Johannesburg ndi ku London, koma malamulo a maola ndi ndalama amene ali pano ndi a ku America. Ku America amalandira achinyamata osapitirira zaka 25, omwe ndi nzika za dzikolo kapena ali ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale.

Maphunziro okonzekera amayamba cha mu Julayi kapena Ogasiti, ana asanatsegulire, ndipo amatenga milungu ingapo. Ambiri amafika akuganiza kuti akudzaphunzira uphunzitsi. Ayi. Mphunzitsi m'kalasimo alimo kale. Inu mukuphunzira kusamala kagulu kochepa ka ana amene ayamba kutsalira, kuwadziwa mayina ndi vuto la aliyense, n'kumawatsatira mpaka Juni.

Mapepala ndi ndalama, tsiku loyamba lisanafike

Simungayambe ntchito mbiri yanu isanafufuzidwe. Kafukufukuyu ali patatu: kaundula wa dziko lonse wa anthu omwe anapalamulapo milandu yogwiririra, kaundula wa milandu wa m'chigawo, ndi zidindo za zala zomwe zimapita ku FBI, bungwe la boma lofufuza milandu. Zidindo ndi zimene zimachedwetsa anthu. Zikatuluka zosaoneka bwino amakubwezani kuti mukadindenso, ndipo dzina likasiyana ngakhale chilembo chimodzi pakati pa fomu ndi chiphaso, zonse zimaima. Kadindeni mlungu womwewo umene mwalandira kalata yoti mwatengedwa, ndipo lembani dzina monga momwe lilili pa chiphaso.

Ndalama imene mudzalandira si malipiro, ndi alawansi yodyera, ndipo amaidula msonkho. Kuchuluka kwake kumasiyana mzinda ndi mzinda. Yoyamba siibwera pa tsiku loyamba, choncho fikani muli ndi ndalama ya lendi, ya chikole cha nyumba ndi ya basi yokwanira mwezi umodzi. Malamulo sawerengera alawansi imeneyi ngati ndalama yopeza pamene mukupempha thandizo la chakudya la SNAP, ndipo ambiri amalandira thandizolo. Tengani kalata yotsimikizira zimenezi ku ofesi ya bungwe musanapite kukapempha, chifukwa si wogwira ntchito aliyense wa ku ofesi ya SNAP amene amalidziwa lamuloli.

Ngati muli ndi ngongole ya boma ya ku koleji, pemphani pa akaunti yanu ya My AmeriCorps kuti aimitse kaye kubweza. Siziima zokha. Mukamaliza chaka bwinobwino, AmeriCorps imalipira chiwongoladzanja chimene chaunjikana m'miyezi imeneyo, koma nachonso muyenera kuchipempha.

Maola 1,700

Nambala iyi ndiyo imalamulira chaka chonse. Wotumikira nthawi yonse ayenera kukwanitsa maola 1,700 kuti alandire Segal AmeriCorps Education Award, ndalama ya maphunziro imene mu 2024 inali madola 7,395. Siilowa m'thumba mwanu: imapita ku koleji kapena kwa eni ngongole, muli ndi zaka 7 zoigwiritsira ntchito, ndipo imalipiritsidwa msonkho m'chaka chimene mwaigwiritsa ntchito.

Werengani nokha pa pepala mlungu woyamba. Kuyambira Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Juni pali milungu pafupifupi 44. Mukagawa 1,700 ndi 44 mupeza maola osakwana 39 pa mlungu, ndipo zimaoneka zopepuka. Koma chotsani tchuthi cha Thanksgiving cha kumapeto kwa Novembala, milungu iwiri ya kumapeto kwa Disembala, tchuthi cha m'Malichi kapena Epulo, mutsala ndi milungu 40 kapena kucheperapo, ndipo maola akwera kupitirira 42. Chimfine cha mlungu umodzi chimakusiyani ndi ngongole ya maola oposa 40, amene simungawabweze mosavuta chifukwa masiku anu ndi odzaza kale. Amene amavutika mu Meyi ndi amene sanawerenge mu Seputembala. Konzani zoti pofika Disembala mukhale patsogolo ndi maola 30 kapena 40, ndipo lembani maola tsiku lomwelo, osadikira Lachisanu. Maola a maphunziro okonzekera amawerengedwa nawo. Nthawi imene mukuchita zandale, kulembetsa anthu ovota kapena kulalikira siiwerengedwa, ndipo n'zoletsedwa mutavala jekete yofiira ya bungwe.

Kusiya panjira kuli mitundu iwiri. Wosiya pa chifukwa chachikulu chosapeweka, monga matenda aakulu kapena maliro a m'banja, atha kulandira gawo la ndalama ya maphunziro ngati anali atakwanitsa kale magawo 15 pa 100 a maola ake. Wosiya chifukwa chotopa kapena chifukwa wapeza ntchito ina, nthawi zambiri amachoka chimanjamanja.

Zizindikiro zitatu zimene mudzaphunzitsidwa kuziona

Ntchito yonseyi yagona pa kafukufuku wa Robert Balfanz wa ku Johns Hopkins University ndi anzake, amene anatsatira ana pafupifupi 13,000 a ku Philadelphia kuyambira 1996 mpaka 2004. Anapeza kuti mwana amene adzasiyire sukulu panjira amaoneka kale ali mu giredi 6: amabwera masiku osakwana 80 pa 100 alionse, kapena walephera masamu, kapena walephera Chingerezi, kapena walembedwa kuti khalidwe lake si labwino. Ambiri mwa amene anali ndi chizindikiro ngakhale chimodzi sanamalize sekondale pa nthawi yake. N'chifukwa chake odzipereka amaikidwa makamaka m'magiredi 3 mpaka 9, ndipo ana anu amasankhidwa poyang'ana kujomba, khalidwe ndi malikisi, osati poyang'ana amene mwagwirizana naye.

Kujomba ndi kumene anthu amakupeputsa. Chaka cha sukulu chimakhala ndi masiku pafupifupi 180, ndipo mwana amawerengedwa kuti ndi wojombajomba akaphonya magawo 10 pa 100, kapena kuti masiku 18. Amenewa ndi masiku awiri okha pa mwezi, moti kholo kapena mphunzitsi sazindikira mpaka teremu itatha. Phunzirani kuona kaundula m'mawa uliwonse ndi kuona masiku amene mwanayo amasowa. Wosowa Lolemba lililonse mwina amagona kwina kumapeto a mlungu. Wochedwa tsiku lililonse ndi mphindi 40 mwina amayamba waperekeza mng'ono wake ku sukulu ina. Poimbira kholo, gwiritsani ntchito foni ya sukulu, ndipo musayambe ndi kufunsa chifukwa. Nenani dzina lanu, nenani kuti mwanayo munamusowa pa phunziro la masamu, kenako funsani ngati pali chimene sukulu ingathandize. Foni yoyamba kwa kholo lililonse iyenera kukhala ya nkhani yabwino, isanafike ya vuto.

Kaphunzitsidwe ka kagulu

Apa ndi pamene muyenera kuthera mphamvu zanu pa nthawi ya maphunziro. Kagulu kasapitirire ana anayi, ndipo atatu ndiye bwino kwambiri. Kakumane mphindi 30, katatu pa mlungu kapena kuposerapo, pa nthawi yomweyomweyo ndi malo omwewo. Ola limodzi kamodzi pa mlungu silifanana ndi zimenezi, chifukwa mwana amafika ataiwala za mlungu watha.

Gawani mphindizo motere. Zitatu zoyambirira n'zolonjerana ndi kuuza ana chinthu chimodzi chimene aphunzire lero. Zisanu n'zobwereza za ulendo watha. Khumi n'zanu, kuchita chitsanzo mukulankhula mokweza zimene mukuganiza, kenako kuchitira limodzi. Zisanu ndi zinayi n'zoti aliyense achite yekha inu mukuyang'ana dzanja lake, osati yankho lokha. Zitatu zomaliza n'za funso limodzi lolembedwa pa kapepala, limene limakuuzani poyambira mawa.

Tengani chitsanzo cha mwana wa giredi 6 amene walemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 ndi 2/5. Wodzipereka watsopano amathamangira kumuuza lamulo lopezera nambala yapansi yofanana, mwanayo n'kugwedeza mutu, mawa n'kulembanso 2/5. Vuto lake si lamulo. Sakuona fulakishoni ngati kuchuluka kwa chinthu, akuona manambala awiri osanjikizana. Jambulani mzere wochokera pa 0 kufika pa 1, mumuuze aike 1/2, kenako aike 2/5. Akaona kuti yankho lake lachepa kuposa nambala imene anayambira, ndi pamene lamulo limapeza pokhala. Pa kuwerenga n'chimodzimodzi: mverani mwana akuwerenga mokweza kwa mphindi imodzi kuti mudziwe ngati akukakamira pa maliwu a zilembo kapena akuwerenga bwino koma osamva tanthauzo. Awiriwa musawaike m'kagulu kamodzi.

Cholakwika chofala kuposa zonse ndi kuyankha funso lanu lomwe. Mukafunsa, werengani chamumtima mpaka 5 musanatsegulenso pakamwa. Cholakwika china ndi kusandutsa nthawi ya kagulu kukhala yomalizitsa homuweki. Homuweki imatha ndithu, koma vuto limene linachititsa kuti mwanayo aikidwe pa mndandanda wanu limakhalabe pomwepo. Pa maphunziro mudzapemphedwa kuyeserera ndi anzanu, wina akukhala ngati mwana wovuta. Zimachititsa manyazi, koma dziperekeni msanga, chifukwa kulakwitsa pamaso pa anzanu kulibe mtengo.

Mphunzitsi wa kalasi

Pemphani mphindi 20 ndi mphunzitsi amene mudzagwira naye ntchito, ana asanabwere. Mufunseni kuti muzikhala pati iye akamaphunzitsa, muzitulutsa ana anu nthawi yanji, mwana akayamba kusokoneza mulowererepo kapena mumusiyire iye, ndiponso muzikumana tsiku liti mlungu uliwonse. Mukapanda kugwirizana zimenezi, mudzapezeka mukungojambula mapepala ndi kuperekeza ana kuchimbudzi chaka chonse. Musamutsutse pamaso pa ana, ngakhale walakwitsa samu pa bolodi. Muuzeni chapansipansi. Lamulo la AmeriCorps limaletsa wodzipereka kulowa m'malo mwa wantchito wolipidwa, choncho sukulu ikakupemphani kuti mugwire kalasi nokha chifukwa mphunzitsi sanabwere, uzani mkulu wa gulu lanu nthawi yomweyo. Mukavomera kamodzi, mudzapemphedwanso.

Malire ndi ana

Mumasiyana nawo zaka zochepa, ndipo mphamvu yanu ili pomwepo: amakuuzani zimene sangauze mphunzitsi. Ngozi ilinso pomwepo. Musapereke nambala yanu ya foni, musavomere mwana pa Instagram kapena Facebook, musamukweze m'galimoto yanu, musakhale naye awiriwiri chitseko chili chotseka. Malikisi ndi mbiri za ana zimatetezedwa ndi lamulo la FERPA la 1974, moti musazikambe m'basi kapena kuzijambula pa foni yanu.

Mwana akanena kuti akufuna kukuuzani chinsinsi, musalonjeze kusunga. Muuzeni poyera kuti ngati wina akumupweteka, muyenera kuuza munthu amene angamuteteze. Akaulula za nkhanza, mverani modekha, musamufunse mafunso otsogolera, musafufuze nokha. Lembani mawu ake enieni, tsiku ndi nthawi, ndipo perekani lipoti tsiku lomwelo. Njira yoperekera lipoti imasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo m'malo ena kuuza mphunzitsi wamkulu sikukwanira, muyenera kuimba nokha ku ofesi yoteteza ana. Lembani nambalayo mu kope yanu pa tsiku limene aphunzitsa zimenezi.

Kwa mwana amene amakukanani, pali njira yakale yosavuta: mphindi ziwiri pa tsiku, masiku khumi otsatizana, kucheza naye za chilichonse chimene amakonda kupatula sukulu ndi khalidwe lake. Masiku anayi oyamba akhoza kungokuyankhani ndi mapewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukadumpha tsiku, yambiraninso kuwerenga.

Thupi lanu

Mumafika ana asanafike, kuwalonjera pakhomo, n'kuchoka maphunziro a masana atatha, moti tsiku limatha kufika maola 10, ambiri mwa iwo muli chiimire. Gulani nsapato zabwino musanagule china chilichonse. Yesani ulendo wa ku sukulu yanu tsiku la mkati mwa mlungu, pa ola lenilenilo, ndipo dziwani basi yachiwiri yoti mukwere yoyamba ikakusiyani. Otumikira nthawi yonse amapatsidwa inshuwalansi ya zachipatala ngati alibe ina, choncho lembetsani mlungu woyamba ndipo funsani ngati ikulipiranso aphungu othandiza pa mavuto a m'maganizo. Kutopa kwenikweni kumayamba cha mu Okutobala ndi Novembala, chisangalalo cha poyamba chitazirala, malikisi a ana asanayambe kusintha. Sungani timapepala tonse ta funso lomaliza m'envulopu ya mwana aliyense, mutalemba deti. Ndi tomwe mudzatengere ku msonkhano wanu ndi mphunzitsi posankha mwana woti apitirire m'kagulu ndi woti atuluke kuti wina alowe.