Momwe mungasokere chipewa cha nsalu chosawotcha mutu m'nyengo ya dzuwa

Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa mu Novembala, dzuwa la mu Lusaka silimvera munthu chisoni. Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo malo okwera chonchi dzuwa limapsereza khungu ngakhale tsiku limene kamphepo kakuwomba. Amayi ogulitsa tomato ku Soweto, anyamata okankha mawilibala ku City Market, ana oyenda wapansi kuchokera kusukulu ku Chawama ndi ku Mtendere, onsewa amafunika chipewa. Vuto ndi lakuti zipewa zambiri zotchipa n'zopangidwa ndi poliyesitala, zomatidwa zolimbitsa paliponse. Munthu akavala kwa ola limodzi thukuta limayenderera m'makutu, kenaka amavula n'kuyamba kudzikupizira nacho, mutu uli padzuwa.

Chipewa chabwino cha nyengo ino mutha kuchisoka nokha, kapena kumuuza telala wanu bwinobwino chimene mukufuna. Chili ngati nyumba: pali denga, pali khoma lozungulira mutu, pali khonde lopereka mthunzi. Khonde lokha ndiye lifunika kulimba. Denga ndi khoma zisiyeni zopepuka, zopanda guluu, zopanda pulasitiki.

Yambani ndi nsalu, ndipo musaipupulumire

Kale mafakitale a Mulungushi ku Kabwe ndi Kafue Textiles ankadinda zitenje za thonje lolimidwa konkuno. Lero zitenje zambiri m'mashopu a ku Kamwala n'zochokera kunja, ndipo zambiri zotsika mtengo ndi poliyesitala ngakhale maluwa ake akongole bwanji. Poliyesitala samwa thukuta. Thonje limamwa, ndipo thukutalo likamauma mutu umazizirira. Nsalu ya linen nayo imachita chimodzimodzi, imaumanso msanga kuposa thonje. Mu salaula mumapezeka malaya aakulu a abambo, mabuluku ndi nsalu za patebulo zolembedwa 100% cotton kapena linen pakachikwangwani ka m'kati, ndipo zimenezi zimatulutsa zipewa zabwino zedi pamtengo wochepa.

Chitenje sichikhala ndi kachikwangwani kodalirika, choncho chiyeseni ndi moto. Dulani kachidutswa kakang'ono m'mphepete, kagwireni ndi mpeni kapena waya pamwamba pa mbale ya madzi, muyatse ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lake ndi la pepala lopsa, ndipo phulusa lake ndi lofewa, lotuwa, mukalikhudza limangoyoyoka. Poliyesitala amakwinyika kuthawa moto, amasungunuka, amanunkha mankhwala, n'kusiya kambulu kakuda kolimba. Ngati mwaona phulusa ndi kambulu komwe, nsaluyo ndi yosakaniza. Yotereyi ingagwire ntchito pakhonde koma osati padenga.

Mukatero yang'anani kuluka kwake. Tambasulani nsalu moyang'ana kudzuwa. Ngati mukuona timabowo towala pakati pa ulusi, mphepo idutsa bwino koma dzuwa nalo lidutsa. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa nsalu yopyapyala ndi imene imaoneka yoyenera chilimwe. Ine ndimasankha yolukidwa mothinana koma yopepuka m'manja, mphepo ndimaipezera njira ina yomwe ndifotokoze kutsogoloku.

Pankhani ya mtundu, kunja kukhale kowala: koyera, kotuwa, kachikasu kofuwirira. Kunsi kwa khonde ikani nsalu yakuda kapena yabuluu wakuda, chifukwa imameza kuwala kobwerera kuchokera pansi, maso satopa. Theka la mita pa nsalu iliyonse ndi lokwanira.

Chapani nsalu zonse musanadule, ziume, muzisite. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo chitenje chatsopano chimabwera ndi sitachi yotseka timipata ta ulusi.

Zina zofunika ndi tepi yoyezera, sizasi yakuthwa, choko, mapini, ulusi, pepala lolimba la patani (la thumba la simenti n'labwino mukalikuntha fumbi), ndi chidutswa cha jinzi yakale. Makina opalasa ndi phazi amakwanitsa ntchito yonseyi, magetsi akhalepo kapena ayi. Ikani singano ya nambala 16 chifukwa pakhonde mudzabaya nsalu zitatu.

Yezani mutu

Zungulizani tepi pamphumi, chala chimodzi pamwamba pa nsidze, idutse pamwamba pa makutu ndi pankhongo pamene patukuka. Akuluakulu ambiri amapezeka pakati pa masentimita 55 ndi 60. Ngati wovala amaluka tsitsi kapena amavala wigi, muyezeni ali nazo m'mutu. Wonjezerani masentimita 2 kuti chipewa chisamange mutu. Tiyerekeze kuti mutu ndi 57, ndiye kuti tigwira ntchito ndi 59.

Jambulani patani papepala

Yambani ndi khoma. Dulani pepala lotalika masentimita 59, m'lifupi 9 kapena 10. Musachepetse pamenepa. Denga likakhala pamwamba pang'ono, losagunda pa liwombo, pamatsala kampata kamene mpweya wotentha umasonkhana n'kutuluka. Tsono chekani pepalalo malo 6 otalikirana mofanana, kuchokera m'mphepete mwa pamwamba kutsika mpaka kutsala pang'ono kudukiratu. Pamalo alionse ocheka, sanjikizani mbali ziwirizo sentimita imodzi kumtunda kokha, mumate. Pepala lija lipindika ngati uta: kunsi likadali 59, kumtunda latsika kufika 53. Mukalisiya lowongoka chipewa chimaima mosakongola.

Denga ndi lozungulira. Gawani 53 ndi 3.14, mupeza pafupifupi 17. Amenewo ndi masentimita a kuchokera mbali ina kufika mbali ina kudutsa pakati. Mangani pensulo kuchingwe, yezani theka lake, 8.5, khomani chingwecho ndi pini pakati pa pepala, muzungulize.

Khonde limajambulidwa ndi mizere iwiri yozungulira kuchokera pakati pamodzi. Wam'kati ndi wa mutu: 59 kugawa ndi 3.14 ndi 18.8, theka lake 9.4. Wakunja wonjezerani kukula kwa khonde limene mukufuna. Bungwe la Cancer Council ku Australia limalangiza kuti khonde la chipewa chachikulu cha munthu wamkulu lisachepere masentimita 7.5, ndipo la kachipewa ka khonde logwera pansi (bucket hat) lisachepere 6. Tengani 8, ndiye kuti chingwe chikhale 17.4. Khonde lathyathyathya limakupiza ndi mphepo, choncho chekani malo 4 kuchokera kunja kulowera m'kati, musanjikize masentimita 2 kunjako, mzere wam'kati osausintha. Likatero limagwera pansi pang'ono n'kuphimba makutu ndi khosi.

Musanagwire nsalu, lumikizani mapepalawa ndi mapini, wovalayo ayese. Kukonza pepala sikudya ndalama.

Kudula

Patani ya khonde ichekeni malo amodzi kudukiratu kuti igone pansalu. Ikani patani pansalu, lembani ndi choko, kenaka siyani sentimita imodzi ya msoko mbali zonse. Chenjerani ndi bowo la khonde: sentimita ya msoko imalowera m'kati mwa bowolo, kulichepetsa. Mukadula pamzere weniweni bowo likula, khonde silidzagwirizana ndi khoma.

Dulani denga limodzi, kapena awiri ngati nsalu ili yopyapyala, poti pamenepo ndi pamene dzuwa la masana limamenya molunjika. Khoma likhale la nsalu imodzi basi. Khonde dulani katatu: nsalu yakunja, yakunsi ndi jinzi. Khoma ndi khonde mutha kuzidula m'magawo awiriawiri kuti nsalu isawonongeke, bola mukumbukire kusiya malo a msoko polumikizirapo. Chitenje cha maluwa akuluakulu chiyang'aneni kaye, duwa limodzi likhale pakati pa denga.

Sokani denga ndi khoma

Lumikizani nsonga za khoma kuti likhale mkombero, mbali zamaluwa zitayang'anizana, mutsegule msoko ndi nsimbi. Pindani denga kawiri mulembe malo anayi m'mphepete, muchite chimodzimodzi kumtunda kwa khoma. Gwirizanitsani zizindikirozo ndi mapini, kenaka dzazani mapini pakati pake. Ngati khoma likukana kupinda, litemeni timano ta theka la sentimita m'mphepete. Sokani pang'onopang'ono, khoma lili pamwamba kuti muziona makwinya asanalowe pansi pa singano.

Msokowo ugonetseni cha kukhoma, muusite, musokenso kunja pafupi ndi m'mphepete kuti ugone. Ulusi wosomoka m'kati muuphimbe ndi kansalu kathonje kodulidwa mopingasa.

Matelala ambiri pamenepa amafuna kumata nsalu yolimbitsa ija ya guluu kuti chipewa chiime bwino pashelefu, n'kuikanso layini yoterera m'kati. Akanizeni mwaulemu. Guluu amatseka timipata tonse timene munavutikira kusankha, ndipo layini yotererayo nthawi zambiri ndi poliyesitala yemwe uja. Chipewa chimaoneka bwino pogula koma m'mutu chimasanduka ng'anjo.

Khonde

Apa ndiye pofunika kudekha. Lumikizani kaye nsonga za nsalu iliyonse ya khonde kuti ikhale mkombero. Yalani nsalu yakunja ndi yakunsi, mbali zamaluwa zitayang'anizana, jinzi ikhale pansi pa zonse. Sokani m'mphepete mwakunja kuzungulira konse. Chepetsani jinzi pafupi ndi msoko kuti mphepete isatupe, dulani timano kuzungulira, tembenuzani kudzera pabowo lapakati, jinzi ilowe pakati pa ziwirizo. Sitani bwino, mukukankha msoko ndi chala kuti ufike kumapeto kwenikweni. Ngati mukugwiritsa nsimbi yamakala, yalani kansalu konyowa pamwamba.

Tsopano sokani mizere yozungulira, kuyambira kunja kulowera m'kati, motalikirana sentimita imodzi kapena kucheperako. Mizere yonse iyende mbali imodzi, ndipo musakoke nsalu, ingoiwongolerani. Mukafika pamzere wachinayi mumva m'manja kuti khonde layamba kulimba lokha. Mizere ikathinana kwambiri khonde limalimbanso kwambiri. Kulimba kwa ulusi sikutha ndi kuchapa monga amachitira guluu, amene amamatuka n'kusiya matuza pansalu, ndiponso chipewa chotere mutha kuchipinda m'chikwama n'kudzachitambasula chili bwinobwino.

Pomaliza sokani mzere umodzi pabowo lam'kati, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, muteme timano mpaka pafupi ndi mzerewo osaudula. Lembani malo anayi monga munachitira padenga, lumikizani khonde kunsi kwa khoma, msoko wa khonde ukhale kumbuyo.

Kalamba wa thukuta ndi mabowo a mphepo

Dulani nsalu yathonje yofewa, masentimita 61 kutalika ndi 7 m'lifupi, ipindeni pakati m'litali, muilumikize nsonga. Isokereni pamsoko wa khonde ndi khoma, muitembenuzire m'kati kuti iphimbe msokowo. Kalamba ameneyu ndi amene amagwira thukuta lisanafike m'maso, ndipo amateteza mphumi kuti isakhulike.

Njira ya mphepo ija ndi iyi: boolani mabowo awiri kapena atatu mbali iliyonse ya khoma, cha kumtunda pafupi ndi denga, pamwamba pa makutu. Mpweya wotentha umakwera, choncho mabowo a m'munsi sathandiza kwenikweni. Padenga musaboole. Osoka nsapato m'misika ali ndi chida chokhomera timaso tachitsulo, koma afunseni ta mkuwa, chifukwa ta chitsulo wamba timachita dzimbiri ndi thukuta n'kuthimbiriritsa nsalu. Mukhozanso kuboola ndi msomali woyera n'kusokerera m'mphepete mwa bowolo pamanja, monga timachitira pabowo la batani. Zimatenga nthawi koma zimakhalitsa.

Mphepo ya fumbi ya mu Ogasiti ndi Seputembala imaulutsa chipewa cha khonde lalikulu, ndiye sokererani zingwe ziwiri pansi pa kalamba, pafupi ndi makutu. Chipewa cha mwana wamng'ono chisakhale ndi chingwe chomanga mfundo. Ikani kabatani kongodina kamene kamamasuka kokha chingwe chikakodwa pamtengo kapena pampanda.

Ngati mukusokera munthu wachialubino

Apa musanyengerere chilichonse. Khungu la abale athuwa lilibe chodzitetezera kudzuwa, ndipo khansa yapakhungu ndi imene imawadwalitsa kwambiri. Denga likhale la nsalu ziwiri zothinana, khonde lifike masentimita 10, ndipo kumbuyo sokererani kansalu kogwera pakhosi mpaka pakolala. Mabowo a mphepo akhale aang'ono. Chipewa sichilowa m'malo mwa mafuta oteteza kudzuwa ndi malaya aatali manja, makamaka kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana pamene dzuwa limaluma koposa. Chilonda chosapola pakhutu, pamlomo kapena pakhosi chikaonetsedwe kuchipatala msanga.

Kuchapa

Thukuta likauma limasiya mchere umene umatseka nsalu ndi kufooketsa ulusi, choncho m'miyezi yotenthayi chapani chipewa sabata iliyonse, pamanja, m'madzi ozizira ndi sopo wochepa. Tsukutani kalamba wa thukuta ndi kaburashi kofewa. Musachipotokole pofinya. Chivekeni pambale yovundikira yofanana ndi mutu, muwongole khonde ndi manja chikadali chonyowa, chiumire pamthunzi kuti maluwa a chitenje asafufuke. Khonde likayamba kufooka pakapita miyezi, onjezerani mizere ina ya ulusi pakati pa yakale ija.