Momwe mungapezere gombe labwino la kitesurfing pa ulendo wa pagalimoto, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Vilankulo

Mwera ukayamba kuomba mu Meyi, asodzi amakokera mabwato kumtunda, a nthambi yoona zanyengo n'kuyamba kuchenjeza pa wailesi kuti anthu asamale panyanja. Mphepo yomweyi ndi imene okonda kitesurfing amaidikira chaka chonse. Pamasewerawa munthu amaima pa kathabwa atamanga lamba m'chiuno, kaiti yaikulu ili m'mwamba pa zingwe zotalika mamita 20 mpaka 25, n'kumamukoka pamwamba pa madzi. Zida zonse zimakwana kumbuyo kwa galimoto. Chovuta ndi kupeza gombe loyenera, poti gombe lokoma kusambirapo ndi kujambulirapo zithunzi kawirikawiri limakhala lobisika ku mphepo, pamene kaiti imafuna malo a pambalambanda. Nayi njira imene ine ndimatsata.

1. Yambani ndi mwezi

Pa Nyanja ya Malawi mphepo yodalirika ndi mwera, wochokera kummwera chakummawa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo umalimba kwambiri mu Juni ndi Julayi. Ukayamba umatha masiku angapo osaleka. Mpoto ndi vuma zimaombanso, koma sindingakulangizeni kuwononga mafuta a ulendo wautali podalira zimenezi. Nyengo ya dzinja ilekeni: mphezi ndi zingwe zazitali zonyowa siziyenderana, komanso milatho ya msewu wa M5 imakonda kukokoloka.

Tsegulani Windy kapena Windguru, mapulogalamu olosera za mphepo, pafoni sabata imodzi musananyamuke. Mukufuna mphepo ya ma knot 12 mpaka 25, knot imodzi kukhala pafupifupi makilomita 1.85 pa ola. Yang'anani manambala awiri, la mphepo yokhazikika ndi la mphepo yobwera modzidzimutsa. Akatalikirana kwambiri, mwachitsanzo 12 ndi 28, tsiku limenelo kaiti izikugwetsani n'kumakunyamulani mosinthanasinthana. Tengani makaiti awiri, ya masikweya mita 9 ndi ya masikweya mita 12, ngati thupi lanu ndi lapakatikati.

2. Onani pamapu kumene gombe layang'ana

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi ntchito yoti muichite muli kunyumba. Tsegulani Google Maps, musankhe chithunzi cha setilaiti, muyerekeze muvi wochokera kummwera chakummawa ukudutsa pa gombe lililonse limene mukuliganizira.

Mphepo yabwino ndi yobwera chammbali, ikupendekera pang'ono kumtunda. Chingwe chikaduka kapena kaiti ikagwera m'madzi, mphepo yotere imakubwezerani kumchenga pang'onopang'ono. Mphepo yolunjika kumtunda imavuta potuluka, ndipo ikakukokani imakakuombetsani ku mitengo kapena ku nyumba. Yoopsa koposa ndi yochokera kumtunda kupita pakati pa nyanja. Imeneyi madzi imawasalaza, amaoneka okopa, koma chikangolakwika chinachake mukupita kumene kulibe wokutolani. Nyanja yathu ndi yotambalala makilomita oposa 70 m'malo ena, yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ndipo maboti opulumutsa anthu si ochita kupezeka pa doko lililonse.

Mukaika muvi uja pamapu, muona nokha kuti magombe ambiri a mbali ya Malawi ayang'ana kummawa, kotero mwera umawafika chammbali kuchokera kudzanja lamanja mukayang'ana kunyanja. Senga Bay, magombe a pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, Kande ndi Chintheche ali m'gulu limeneli. Cape Maclear ndi yosiyana. Gombe la ku Chembe lafulatira mwera, mapiri ali kumbuyo kwake, ndiye mphepo imadumpha mapiriwo n'kutsika yosokonezeka, ikuloza kunyanja. N'chifukwa chake kumakhala bata losangalatsa osambira. Pitaniko mukaone mbuna, kaiti ikhale m'chikwama. Pa Nkhata Bay penipeni palinso miyala yambiri ndi timagombe ting'onoting'ono topanda poyala zingwe.

Chithunzi chomwecho chikuonetsaninso mtundu wa madzi. Obiriwira moyererako ndi osaya, a mchenga pansi, abwino kwa wophunzira. Lembani malo amene pali mathiriro a mitsinje ndi mabango, tibwererako.

3. Konzani njira yokhala ndi malo osinthira

Kuchoka ku Lilongwe, msewu wa M14 ukufikitsani ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo Senga Bay ili patsogolo pang'ono. Kuchokera apo M5 imatsata nyanja kulowera kumpoto. Musadzimange ndi malo ogona olipiriratu masiku ambiri, chifukwa mphepo ikatha kuno imatha kukhala ikuomba kwina. Pa tsiku lililonse khalani ndi magombe awiri kapena atatu oyandikana. Thirani mafuta paliponse mwawapeza. Timisewu tochoka pa tala kupita kugombe timakhala ta mchenga wambiri, choncho tsikani muyendepo kaye ndi miyendo musanalowetse galimoto.

4. Mukafika, khalani pansi kaye

Musathamangire kupopera mpweya mu kaiti. Khalani pamchenga theka la ola, muzingoyang'ana. Thovu loyera likamaoneka apo ndi apo pamwamba pa mafunde, mphepo yayamba kukwanira. Likadzaza nyanja yonse, mchenga n'kumakulasani m'miyendo, tengani kaiti yaing'ono kapena dikirani. Tolani mchenga wouma muuwaze m'mwamba kuti muone kumene ukugwera, mubwerezenso patapita mphindi khumi. Ngati ukusinthasintha kolowera, pali phiri kapena mitengo imene ikusokoneza mphepo. Sunthirani kutali nazo.

Kenako pimani malo ndi mapazi. Pafunika mchenga wopanda kanthu wotalika kawiri kuposa zingwe zanu, makamaka mbali imene mphepo ikulowera. Fufuzani minga, zigoba zakuthwa, zikhomo zomangirapo mabwato, matandala oyanikapo usipa ndi mawaya a magetsi. Kumbukiraninso kuti nyanja imasintha: mu 2024 madzi anakwera kwambiri mpaka kumiza magombe ndi malo ogona alendo ambiri, ndiye mchenga umene mwauona pa chithunzi cha setilaiti mutha kukaupeza uli pansi pa madzi.

Yendaninso mpaka kumene mphepo ingakakutayeni zinthu zitavuta. Ngati kumeneko kuli miyala kapena bango, gombelo si lanu.

5. Lonjerani eni gombe

Gombe lililonse lili ndi eni ake, ngakhale litaoneka lopanda munthu masana. Ndi pamene anthu amapezera ndiwo ndi fizi ya ana. Pitani kwa asodzi amene akusoka maukonde, mupereke moni mwaulemu, "Wawa bambo, mwaswera bwanji?", mufotokoze chimene mwabwerera. Madoko ambiri ali ndi komiti yoyang'anira za usodzi, ndipo akuuzani ngati pafunika kuonekera kwa amfumu. Mukauzidwa kuti apa ayi, musalimbane nawo, sunthani.

Mafunso oti mufunse ndi awa: mwera kuno umayamba nthawi yanji ndipo umagwa nthawi yanji? Maukonde atchera pati? Khoka amakoka nthawi yanji? Pansi pali miyala kapena zitsa? Ng'ona kapena mvuu inaoneka liti komaliza? Munthu amene wapalasa bwato pa doko limenelo kuyambira ali mnyamata amadziwa zimene foni singakuuzeni. Ine mawu a msodzi ndimawaika patsogolo pa Windy nthawi zonse, ndipo akati lero nyanja yakwiya, ndimamvera.

Pemphani mmodzi wokhala ndi boti la injini kuti akhale tcheru nthawi imene muli pamadzi, mugwirizane mtengo musanalowe. Mukawononga ukonde wa munthu, lipirani pomwepo. Ana adzathamangira kudzaona, poti kaiti ya masikweya mita 12 ndi chinthu chachilendo. Pezani munthu wamkulu awaimitse kumbuyo kwanu, mbali imene mphepo ikuchokera. Chingwe chokungika chimacheka ngati mpeni, ndipo mwana wosadziwa amafuna kuchigwira. Musapatse munthu wosaphunzitsidwa kuti akuulutsireni kaiti, ngakhale atadzipereka ndi mtima wonse.

6. Za m'madzimo

Mathiriro a mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa, komanso kumene Shire amatulukira ku Mangochi, ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu. Madzi ake amakhala osalala mokopa, koma talikiranani nako, ndipo musakhale pamadzi m'bandakucha kapena chisisira. Likodzo limapezeka kwambiri m'madzi odekha a m'mbali mwa midzi momwe muli nkhono. Mukabwerako pitani kuchipatala mukayezetse pakatha masabata angapo. Mankhwala ake ndi praziquantel. Madzi a nyanja yathu sayandamitsa thupi ngati a mchere, choncho valani jekete yoyandamitsa. Mu Julayi mphepo imazizira ukanyowa, tengani chovala chothina cha m'madzi. Ndipo musalowe nokha popanda wina wokuyang'anirani kumtunda.

7. Mukafuna nyanja ya mchere

Ulendo wa ku Vilankulo, ku Mozambique, umadzera pa chipata cha Mwanza ndi Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kutsika mpaka Chimoio ndi Inchope, kenako kutsata EN1 kuwoloka mtsinje wa Save. Ndi ulendo woti muupatse masiku awiri, muziyenda masana okhaokha chifukwa msewuwu uli ndi zigawo za maenje. Pachipata mufunika mapepala a galimoto, chilolezo choilowetsera kwakanthawi ndi inshuwalansi ya m'dzikomo. Miyezi ya Januwale mpaka Malichi ndi ya anamondwe: Freddy, amene anatiliza kuno mu Malichi 2023, anayamba wagwera kumtunda pafupi ndi Vilankulo mu Febuluwale chaka chomwecho.

Zonse zimene tanena za mphepo zimagwiranso ntchito kumeneko, koma pali chinthu chimodzi chimene ife a kunyanja ya madzi ozuna sitinachizolowere. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Pakati pa Vilankulo ndi zilumba za Bazaruto, madzi akaphwa pamatuluka milu ya mchenga yokhala ndi madzi osaya, osalala ngati galasi. Akayamba kubwerera amathamanga m'mikwasa ngati mtsinje. Onani ndandanda ya kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja pafoni, ndipo galimoto muiimike kumtunda kwa mzere wa zinyalala zimene mafunde anasiya usiku. M'tawuniyi muli masukulu a kitesurfing. Lowani mufunse malo oulutsira ndi malamulo a paki ya Bazaruto musanakwere boti kupita kuzilumba.

Amene muli ku Joni kapena ku Cape Town, nyengo yanu ndi yotembenuka: m'magombe a ku Cape Town mphepo ya kummwera chakummawa imaomba mwamphamvu kuyambira Novembala mpaka Malichi. Langebaan, kumpoto kwa Cape Town, ili ndi madzi osaya oyenera wophunzira, pamene Bloubergstrand ndi ya mafunde aakulu ndi madzi ozizira kwambiri, ya anthu amene anazolowera kale. Mukabwera kumudzi patchuthi cha mu Juni kapena Julayi, nyamulani kaiti yanu, mudzapeza mwera ukuomba ku Kande.