Chakudya cha makumba chikamasungunuka m'damu

Vuto linali lakuti chakudya chopanga tokha, cha madeya ndi soya, chinkamwazika chikangogwa m'madzi. Chambiri chinkamira n'kuwolera pansi, ndipo m'mamawa makumba ankayandama pamwamba kufuna mpweya. Kukula kwake kunali kwa pang'onopang'ono. Kuwonjezera chakudya kunangoipitsa madzi. Kuumba timibulu ndi madzi ozizira sikunathandizenso.

Chimene chinathandiza ndi ichi, pa makilogalamu 10: soya 5, madeya 4, ufa wa chinangwa 1.

Soya muyambe mwakazinga pamoto wochepa, mukutakasa, mpaka afiirire pang'ono ndi kununkhira ngati mtedza. Wosaphika ali ndi zinthu zolepheretsa nsomba kugaya mapuloteni, koma wopserera nayenso ndi wotayika. Kagayitseni kuchigayo, ndipo madeya musefe.

Pagona nkhani ndi pa chinangwa. Musathire ufawo wouma. Phikani phala lolimbirako, mulithire likadali lotentha mu zosakanizazo, n'kukanda. Phala lophikali ndi limene limamata. Mukafumbata m'dzanja mbulu usaphwanyike, komanso madzi asadonthe pakati pa zala. Kenako pititsani m'kamakina kogayira nyama, kokhala ndi timabowo ta mamilimita 3, mudule timibulu.

Yanikani pathandala mpaka kambulu kazithyoka kuti thyo. Kuno ku Zomba, nyengo ya mvula chinyezi n'chambiri, choncho pangani chokwanira sabata ziwiri zokha, chifukwa chochita nkhungu chimadwalitsa nsomba.

Timibuluti timamirabe, ndiye ikani pathireyi yomiza m'madzi kuti muziona zotsala. Patsiku dyetsani makilogalamu 3 pa makilogalamu 100 a nsomba, theka cha m'ma 9 koloko m'mawa, theka masana.