Namondwe wa ku Atlantic: mvula ikadula musathamangire kudimba

Malangizo awa ndi a inu amene muli ku Britain ndi Ireland ndipo muli ndi kadimba ka ndiwo zamasamba, shedi ya pulasitiki, kapena mumagwira ntchito panja. Kwathu tinazolowera kuti chimphepo chimatsogola, fumbi koboo, kenako mvula, ndipo mvulayo ikakhazikika mphepo imagona. Anamondwe ochokera kunyanja ya Atlantic, omwe amachuluka kuyambira Okutobala mpaka Malichi, kawirikawiri amayamba ndi mvula, mphepo yoopsa ili m'mbuyo.

Gwero la mphamvu yawo mumaliona kukhitchini. Mukavundukula poto wowira, nthunzi imaotcha dzanja kuposa madzi owirawo, chifukwa ikamasanduka madontho imatulutsa kutentha konse kumene inatenga pophwera. Kilogalamu imodzi ya nthunzi imatulutsa makilojoule pafupifupi 2,500. Kutentha kumeneku kungawiritse malita asanu ndi limodzi a madzi ozizira ngati ayezi.

Anamondwewa sali ngati Freddy wa 2023, amene mphamvu yake pafupifupi yonse inkachokera kunyanja yofunda. Awa amabadwa pamene mpweya wozizira wa kumpoto wakumana ndi wofunda wa kummwera, pansi pa mphepo yaliwiro yotchedwa jet stream, yomwe imaomba makilomita pafupifupi 10 m'mwamba. Nthunzi imadzangokolezera moto woyaka kale. Mpweya wofunda ndi wachinyezi umakwera pamwamba pa wozizira. Ukanakhala wouma, bwenzi ukuzizira ndi madigiri 10 pa kilomita iliyonse n'kufooka msanga. Koma mitambo ikayamba kupangika, kutentha kotuluka mu nthunzi kumachititsa kuti uzizire ndi madigiri pafupifupi 6 okha. Motero umakhalabe wopepuka, umakwera mwachangu, ndipo kumwambako umamwazikira m'mbali. Pakati pa namondwe mpweya umachepa, kupanikiza kwake pansi kumatsika, mphepo imathamangira komweko itanyamula chinyezi china, ndipo zonse zimabwerezeka mwamphamvu. N'chifukwa chake anamondwe ambiri amakula msanga akamadutsa pa Gulf Stream, mkuku wa madzi ofunda woyenda m'nyanja ya Atlantic. Digiri imodzi ya kufunda imalola mpweya kunyamula nthunzi yoonjezera ndi 7 peresenti.

Choncho tsiku lofunda modabwitsa m'nyengo yozizira, lachinyezi, mphepo ikuchokera kummwera, lisakunyengeni. Tsegulani mapu a nthambi zoona za nyengo, Met Office ya ku Britain kapena Met Éireann ya ku Ireland, muone nambala ya kupanikiza kwa mpweya imene ili pakati pa namondwe, yolembedwa mu hPa. Ikatsika ndi 24 kapena kuposa pa maola 24, ameneyo ndi wokula mwadzidzidzi. Pa mphepo, musadalire liwiro lapakatikati. Yang'anani nambala ya gust, kuomba kwa kanthawi kochepa, chifukwa ndi kumene kumasasula denga. Liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi: mphepo ya mamailosi 80 pa ola imakankha shedi kanayi kuposa ya mamailosi 40.

Chenjezo la nyengo lachikasu, lomwe ndi lotsikitsitsa, likatuluka, yambani ntchito tsiku lomwelo kukadali kowala, osadikira la amber (la mtundu wa lalanje) kapena lofiira.

Shedi ya pulasitiki ndi imene imafuna nthawi yambiri. Mphepo ikapeza polowera imafufumitsa shedi ngati baluni n'kuizula kuchokera mkati. Tsekani zitseko zonse ziwiri ndi mazenera, muzimange ndi chingwe, osati kungotsamiritsa njerwa. Pong'ambika paliponse, ngakhale pang'ono ngati chala, matani tepi mbali zonse ziwiri pulasitiki ili youma, poti ikanyowa tepi sigwira. Kokani pulasitiki ilimbe ngati chikumba cha ng'oma, chifukwa yolendewera imakupiza mpaka kudulika pazitsulo. M'mphepete mwake mukwirike m'ngalande yakuya masentimita 30 ndipo dothi mulipondeponde. Ngati shedi ndi yagalasi, galasi limodzi losowa ndi lokwanira kuswetsa ena, ndiye tsekani ndi thabwa.

Zina ndi zachangu. Dzazani migolo ndi madzi isagubuduke, chotsani maneti ndi nsalu zophimbira mbewu, lowetsani makasu ndi mapoto a mbande. Masamba a mtundu wa kabichi otchedwa kale ndi ena aatali muwaunjikire dothi patsinde ndi kuwamangira kukamtengo, popeza tsinde likagwedezeka m'dothi lonyowa mizu imaduka. Tsegulani ngalande zimene zatsekeka ndi masamba.

Ngozi yaikulu imabwera mvula ikadula. Kumwamba kumayera, kumazizira, mphepo imatembenuka kuchokera kummwera chakumadzulo n'kuyamba kuchokera kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo, ndipo munthu amaganiza kuti zatha. Pamenepo mbali ya kummwera kwa namondwe, kumene mphepo imakonda kulimba kwambiri, ingakhale ikungofika kumene. Mwa anamondwe ena okula mwadzidzidzi mumatsika mphepo yopapatiza yotchedwa sting jet, yomwe imagunda dera la makilomita pafupifupi 50 m'lifupi kwa maola atatu kapena anayi. Inaliko usiku wa pa 15 kuchera 16 Okutobala 1987, pamene mitengo pafupifupi 15 miliyoni inagwa ku England. Yambiri inali ikadali ndi masamba, dothi lili lonyowa ndi mvula ya masiku am'mbuyo. Namondwe Éowyn, pa 24 Januwale 2025, anafikitsa makilomita 184 pa ola ku Mace Head, m'dera la Galway ku Ireland. Musakwere makwerero kapena kuima pansi pa mtengo mpaka nthawi yolembedwa pa chenjezo itadutsa.

Magetsi akazima ku England, Scotland kapena Wales, imbani 105. Ndipo chonde, ngakhale kuzizire bwanji, musalowetse mbaula kapena makala oyaka m'nyumba. Nyumba za kuno ndi zotsekeka bwino, ndipo mpweya wa carbon monoxide wochokera ku makala suoneka, sununkha, umapha anthu ali m'tulo.