Nkhama zikuonekera kwambiri mukaseka? Yambani apa musanadulitse

Mng'ono wanga wa ku Nchalo zaka zonsezi amaseka atatseka pakamwa ndi dzanja, ati nkhama zimaonekera kwambiri mano nkumaoneka timbewu. Zimandipweteka mtima chifukwa mwanayo ngokongola. Nde ndinafufuza, ndipo zinthu zimatheka, koma osathamangira kudula ayi.

Choyamba dziwani chomwe chapangitsa. Ena nkhama zatupa chabe chifukwa cha zokakamira m'mano, mukatsuka ndi mswachi magazi tuu, amenewo sikudula koma kukatsukitsa mano kwa a zamano pa chipatala cha boma ku Chikwawa kaya ku Nsanje, pakapita masabata angapo nkhama zija zimaphwera zokha. Ena ndi mankhwala, phenytoin wa khunyu uja, komanso nifedipine ndi amlodipine a BP amakulitsa nkhama kwa anthu ena. Musasiye kumwa panokha chonde, adokotala anu ndi amene angakusinthireni. Amayi oyembekezera nkhama zimatupanso, dikirani muchire kaye. Ndiye pali ena vuto ndi mlomo wam'mwamba umakwera kwambiri poseka, amenewo olo adule nkhama sizisintha kwenikweni.

Akakuyezani nkupeza kuti nkhama zaphimbadi mano, apo nde mukwere minibasi chitunda cha Thabwa ulendo wa ku Blantyre, kukafunsa ku Queens kaya kuchipatala cha praiveti. Funsani ngati dokotalayo analembetsa ku Medical Council of Malawi, si mwano umenewo. Muwauzenso ngati muli ndi shuga, ngati mukumwa ma ARV kaya mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, osabisa.

Ntchito yake amabaya jekeseni ya dzanzi, nkujambula mzere pomwe nkhama zikuyenera kulekezera, kenako amadula pang'onopang'ono ndi kampeni ka opaleshoni kapena makina odula ndi kuwala (laser). Auzeni akuonetseni mzerewo pagalasi asanayambe. Pena fupa limakhala pafupi kwambiri ndi dzino nde amaparako pang'ono, apo ayi nkhama zimameranso, ndichifukwa amayamba ndi X-ray. Mumabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Apa nde ndikupempheni abale anga, musalole munthu wa m'mudzi kaya wa pasaluni akhudze nkhama zanu ndi lezala. Akadula mopyola muzu wa dzino umakhala pamtunda, madzi ozizira a mu mtsuko omwewa muzimva tsemwe mpaka m'mutu, ndipo kubwezeretsa kwake ndi opaleshoni ina yochotsa kanyama m'kamwa momwemo nkukamata.

Mukabwera, tsiku loyamba osachukucha mkamwa. Mawa lake yambani kuchukucha ndi madzi ofunda othira theka la tiyisupuni ya mchere pa kapu imodzi, mukatha kudya. Idyani zofewa zozizirako, phala, nthochi, mbatata yophika, mazira. Mzimbe tiwuiwale kaye anthu a ku Nchalo, chimanga chootcha, Nali, masau owawasa aja, fodya ndi mowa zonse pansi kwa sabata imodzi kaya awiri. Ululu panado akwanira, aspirin ayi amachulutsa magazi. Kutentha kwathu kuno mkamwa mumauma msanga nde madzi pafupipafupi.

Magazi akapanda kusiya mutapanikiza kansalu koyera kwa mphindi 20, kaya mwatupa nkhope thupi latentha, thamangani kuchipatala usiku omwewo. Ngati mukukonzekera ukwati pangitsani kudakali miyezi itatu, nkhama zimatenga nthawi kuti zikhazikike bwinobwino.