Mmene mungasankhire mavidiyo ndi mameme oyenera kulembedwa m'mbiri

Kavidiyo kakagwa m'magulu a WhatsApp Lolemba m'mawa, pofika madzulo akabaza a pa Chitakale akukaseka, amayi ogulitsa nanazi m'mbali mwa msewu wa ku Muloza akuonetsana, ndipo aliyense akuti kavuta dziko lonse. Lachisanu likamakwana palibe akukatchulanso. Mavidiyo ambiri owanda ndi moto wa mapesi. Wokonza pulogalamu ya zochitika za m'chaka pa wailesi, wolemba pa Wikipedia ya Chichewa, kapena mphunzitsi woyang'anira kalabu ya atolankhani kusukulu ayenera kudziwa kusiyanitsa zoterezi ndi zimene zasiyadi mkwaso. Chiwerengero cha oonera pachokha sichingakusankhireni. Chimene mukufuna ndi umboni woti anthu osamudziwa mwiniwake anaitenga n'kuipanga yawo, anthu apadera anailemba, ndipo inakhalitsa.

Yambani mwadziwa kumene mukulembera

Muyezo wa pulogalamu ya pa wailesi ya m'dera si wofanana ndi wa Wikipedia. Nthabwala yomwe yamveka kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Luchenza kwa miyezi iwiri ikhoza kulowa bwinobwino mu pulogalamu ya kumapeto kwa chaka, chifukwa omvera anu anaiona ndi maso. Koma pa Wikipedia nthabwala yomweyo aichotsa. Kumeneko lamulo likuti nkhani iyenera kukhala italembedwa mwatsatanetsatane ndi magwero odalirika, angapo, osakhudzana ndi mwini nkhaniyo. Lembani muyezo wanu papepala musanayambe kuona mavidiyo. Mukayamba ndi kuonera, mudzapezeka mukusinthira muyezo kuti ukomere vidiyo imene yakusangalatsani.

Pezani mwini wake ndi tsiku loyamba

Apa ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tikhalitsepo.

Vidiyo yobwera pa WhatsApp siinena kumene yachokera. WhatsApp imaichepetsa kuti isadye bandulo yambiri, ndipo tsiku limene mukuona pa foni yanu ndi tsiku limene mwailandira, osati limene inajambulidwa. Timivi tiwiri tokhala ndi mawu akuti "Forwarded many times" timangotanthauza kuti uthengawo wadutsa m'manja kasanu kapena kuposerapo kuchoka kwa woutumiza woyamba. Kasanu si zambiri. Ndi umboni woti wakutumiziraniyo si mwini wake, basi.

Imitsani vidiyoyo m'malo atatu kapena anayi, pomwe chithunzi chikuoneka bwino, ndipo tengani masikirinishoti. Aikeni limodzi ndi limodzi mu Google Lens kapena TinEye, zida za pa intaneti zofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo kale. TinEye imalola kusanja zotsatira kuyambira chakale kwambiri, ndipo chimenecho ndiye mukufuna. Ngati vidiyoyo ili ndi chidindo cha TikTok, dzina la akaunti limaoneka pakona, nthawi zina likusuntha. Lembani dzinalo, pitani pa akauntiyo, tsikani mpaka mupeze vidiyoyo ndi tsiku lake. Samalani ndi mavidiyo odulidwa m'mbali kapena otembenuzidwa ngati pagalasi, pomwe zilembo zikuwerengeka chamanzere. Oba mavidiyo amachita dala zimenezi kuti chidindo chisaoneke komanso kuti makina ofufuzira asaizindikire. Mukaona choncho, tembenuzani sikirinishoti yanu n'kufufuzanso.

Pa Google mukhoza kuwonjezera mawu ngati before:2023-03-01 kumapeto kwa zimene mukufufuza, kuti akupatseni zokhazo zimene zinalipo lisanafike tsikulo. Njira imeneyi ndi yothandiza kwambiri pa mavidiyo a madzi osefukira. Mvula ikangokula, pamabwera mavidiyo olembedwa kuti ndi Ruo, Thuchila kapena Likhubula lero, pomwe ena ndi a nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, ena ndi a maiko ena. Yang'anani nambala za galimoto: MJ ndi Mulanje, TO ndi Thyolo, PE ndi Phalombe. Yang'anani zikwangwani za masitolo; ngati zili m'Chipwitikizi, mwina ndi tsidya lija ku Milange, ngakhale olankhulawo akumveka Chichewa kapena Chilomwe. Phiri la Mulanje likamaoneka, lifananitseni ndi mmene limaonekera kuchokera pamalo akunenedwawo, pakuti nsonga ya Chambe ukaiona uli ku Likhubula siifanana ndi mmene phiri limaonekera uli ku Limbuli.

Vidiyo imene mwini wake ndi tsiku lake sizikupezeka iikeni padera. Mukhoza kuibwerera, koma musailembe ngati nkhani yotsimikizika.

Manambala amanama motani

Tsamba lililonse limawerenga oonera mwanjira yakeyake. TikTok imawerenga vidiyo ikangoyamba kusewera, ngakhale munthuyo aipitirire nthawi yomweyo. Facebook kwa zaka zambiri yakhala ikuwerenga masekondi atatu. WhatsApp, kumene zinthu zambiri za kwathu kuno zimayendera, siionetsa chiwerengero chilichonse cha uthenga wotumizidwa m'magulu. Choncho kuika manambala a masamba awiri pambalimbali n'kunena kuti iyi yaposa inzake n'kudzinamiza.

Palinso oonera ogula. Zizindikiro zake sizivuta: oonera mazanamazana a masauzande koma ndemanga khumi, ndemangazo zongoti "nice" ndi timitima, zochokera ku maakaunti opanda chithunzi kapena a maiko kumene Chichewa sichimveka. Ngati vidiyo inafika kwa inu ili ndi mawu akuti "Sponsored", mwini wake analipira kuti muione. Pa tsamba la Facebook tsegulani gawo la Page transparency; limasonyeza tsiku limene tsambalo linatsegulidwa, maina amene linasinthapo, komanso ngati likulipirira malonda panopa. Tsamba lomwe chaka chatha linali logulitsa nsapato za kaunjika ndipo lero ndi la nthabwala, otsatira ake sanabwerere nthabwalazo.

Google Trends, yomwe imaonetsa mmene anthu akufufuzira mawu ena ake pa Google, ingathandize koma muimvetse. Nambala 100 imene imaoneka pamenepo si anthu 100. Ndi pamene mawuwo anafufuzidwa kwambiri pa nyengo imene mwasankha, ndipo zina zonse akuziyeza ndi pamenepo. Mukasankha Malawi, mawu ambiri a Chichewa amangoonetsa ziro chifukwa ofufuza ndi ochepa. Ziroyo si umboni woti chinthucho sichinawande.

Kodi anthu aitenga n'kuipanga yawo?

Vidiyo yowanda ndi imodzi yomweyo imene ambiri aionera. Meme ndi pamene anthu ayamba kuisintha: kuikapo mawu awo, kuvina mavinidwe ake, kudula nkhope ya munthuyo n'kuiika pena. Chachiwirichi ndiye umboni wolemera, chifukwa kuonera n'kwaulere pomwe kupanga yako kumafuna nthawi ndi bandulo.

Pa TikTok dinani kambale kozungulira kali pansi kumanja. Mudzaona mavidiyo onse ogwiritsa ntchito mawu kapena nyimbo yomweyo ndi chiwerengero chake. Tsegulani makumi awiri kapena atatu mosasankha, muone ngati opangawo ndi anthu osiyanasiyana, a madera osiyana, kapena ndi anzake a mwiniwake a pasukulu imodzi.

Chitsanzo chili pafupi, kwa anansi athu ku Chiradzulu. A Giddes Chalamanda anajambula nyimbo zawo zakale pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Chakumapeto kwa 2021 kachigawo ka "Linny Hoo" kanagwira moto pa TikTok, anthu a maiko akutali osamva n'liwu limodzi lomwe akupanga mavidiyo awo pa nyimboyo. Mu Januwale 2022, mkuluyu akukwanitsa zaka 92, bungwe lofalitsa nkhani la AFP linalemba kuti nyimboyo yaonedwa koposa 80 miliyoni pa TikTok, iwo eni alibe n'foni yamakono yomwe. Onani zimene zakumana apa: mwini wake akudziwika, opanga zawo ndi alendo, ndipo olemba nkhaniyo sanali a m'gulu la oimbawo.

Kwathu kuno umboni wina uli kunja kwa foni. Mawu a mu vidiyoyo akayamba kulembedwa kumbuyo kwa minibasi, kondakitala akamawagwiritsa ntchito poitanira anthu pa depoti ya Luchenza, akamveka pa chinkhoswe kapena pa bwalo la mpira kwa anthu amene vidiyoyo sanaione, ndiye kuti chinthucho chalowa m'chinenero. Jambulani minibasiyo, lembani tsiku ndi malo. Wikipedia siingalandire zimenezi monga gwero, koma pa wailesi ndi pa zosunga za kusukulu ndi umboni wabwino kuposa manambala.

Ndani wailemba

Funani magwero atatu osadalirana. Nyuzipepala ngati The Nation kapena The Daily Times, nkhani za pa MBC, Zodiak kapena Times, mabungwe a nkhani akunja, kapena kafukufuku wa kusukulu yaukachenjede, onsewa amawerengedwa chifukwa ali ndi mkonzi amene amayankha nkhani ikalakwika. Tsamba la Facebook longokopera nkhani za ena silikuwerengedwa, kaya lili ndi otsatira angati.

Werengani magwerowo mpaka kumapeto. Nkhani ya AFP ikasindikizidwa m'manyuzipepala makumi awiri, limenelo ndi gwero limodzi, osati makumi awiri. Chiganizo chimodzi chotchula vidiyoyo m'kati mwa nkhani ya zina sichikwanira. Nkhaniyo ifotokoze chiyambi, kufala kwake, kapena zotsatira zake. Kucheza ndi mwini vidiyo pa kanema, iye akudzitamanda yekha, kukupatsani mbiri yake koma si mboni yapadera.

Dikirani, kenako onani chimene chasintha

Musagamule sabata yoyamba. Ikani vidiyoyo pamndandanda wodikira, muibwerere pakatha miyezi itatu, ndiponso pakatha chaka. Funso ndi loti pali wina walembapo zatsopano popanda mwini wake kukumbutsa.

Zinthu zina zimatenga nthawi kuti zipse. Onyamula maliro ovina a ku Ghana anaonetsedwa pa BBC mu 2017, koma anasanduka meme ya dziko lonse mu 2020, nthawi ya Covid-19. "Jerusalema" ya Master KG ndi Nomcebo Zikode inatuluka mu 2019. Mavinidwe ake anayambitsidwa ndi achinyamata a ku Angola mu 2020, ndipo pofika Sepitembala chaka chomwecho Pulezidenti Cyril Ramaphosa anali kupempha anthu a ku South Africa kuti aivine pa tsiku lokumbukira chikhalidwe chawo. Mukanagamula pa mwezi woyamba, zonse ziwiri mukanazitaya.

Chotsatira chogwirika chimafupikitsa mkangano. Masewera odzithira madzi oundana a mu 2014 anabweretsa madola 115 miliyoni ku ALS Association, bungwe la ku America lolimbana ndi matenda a ALS. Ku Kenya, chithunzi cha Martin Kamotho ali pamzere wovota mu Ogasiti 2017, atanyamula jumbo ya chimanga chophika ndi nyemba, chinafika pomupezetsa mendulo ya boma mu Disembala chaka chomwecho. Kuno fufuzani zofanana nazo pa msinkhu wathu: mlatho unakonzedwa vidiyo itawanda, khonsolo inayankhapo, nkhani inafika kukhoti kapena ku Nyumba ya Malamulo, ndalama zinasonkhedwa ndipo pali wozitsimikiza.

Musasokoneze vidiyo ndi chochitika. Mavidiyo a matope ndi miyala zikutsika m'phiri nthawi ya Freddy anaonedwa ndi anthu ochuluka zedi, koma chofunika kulembedwa ndi namondweyo. Mavidiyowo ndi umboni wa nkhaniyo, si nkhani paokha. N'chimodzimodzi ndi magule a pa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde kapena mpikisano wothamanga wa m'phiri la Mulanje: chaka chilichonse pamatuluka tizidutswa towanda, koma malo ake ndi m'kati mwa nkhani ya mwambowo, pokhapokha kachidutswa kena katayamba moyo wakewake.

Munthu ali mu vidiyoyo

Mavidiyo ambiri owanda kwathu ndi a munthu wamba pa tsiku lake loipa: woledzera pa msika, mayi akukangana ndi mwamuna wake, wothyola tiyi atagwa, wodwala misala. Ngakhale vidiyo yotere itakwanitsa miyezo yonse ili pamwambayi, dzifunseni ngati munthuyo anavomera kujambulidwa, komanso ngati kumutchula dzina kukuwonjezera kanthu. Wikipedia ili ndi lamulo loti munthu wodziwika pa chinthu chimodzi chokha, yemwe pambuyo pake wabwerera ku moyo wake, alembedwe m'kati mwa nkhani ya chochitikacho, asakhale ndi tsamba lakelake. Ku Thyolo kapena ku Mulanje kutchula mudzi ndi ntchito n'chimodzimodzi kutchula dzina, chifukwa anthu amadziwana. Mavidiyo a ana, a maliseche, ndi a anthu akumenyedwa ndi gulu musawasunge n'komwe m'foni. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti ndi kufalitsa zolaula za ana, ndipo kunena kuti munangotumiza zimene ena anakutumizirani si pobisalira.

Zolemba pa vidiyo iliyonse

Tsegulani kope kapena sipuredishiti, mzere umodzi pa vidiyo imodzi. Lembani linki ya pomwe inayambira, dzina la akaunti, tsiku loyamba, chiwerengero cha oonera pamodzi ndi tsiku limene mwachiwerenga, chiwerengero cha mavidiyo otengera, magwero atatu aja ndi masiku ake, chotsatira chogwirika ngati chilipo, ndi chigamulo chanu: yalowa, ikudikira, kapena yakanidwa ndi chifukwa chake. Nambala yopanda tsiku ilibe ntchito chifukwa mawa yasintha.

Maakaunti amatsekedwa ndipo eni ake amafufuta zinthu, choncho sungani linki iliyonse pa web.archive.org, tsamba losunga makope a masamba a pa intaneti, pogwiritsa ntchito bokosi la Save Page Now. Nkhani za m'manyuzipepala zimasungika bwino kumeneko, koma masamba a Facebook ndi TikTok nthawi zambiri amakanika chifukwa amafuna munthu alowe kaye ndi akaunti. Pa amenewo tengani sikirinishoti yoonetsa dzina la akaunti, tsiku ndi manambala pa chithunzi chimodzi, muisunge m'malo awiri, pa foni ndi pa fulashi. Ngati mukugwira ntchito pagulu, wobweretsa vidiyo asakhale yemwe akuigamula, ndipo amene ali pachibale ndi mwini vidiyoyo anene poyera n'kutuluka pa zokambiranazo.