Musalipire munthu wa pa WhatsApp kuti mukadye pasta ku Joni

Ndabwera kuno ku Bvumbwe kudzaona mayi, ndipo anyamata amene akukonzekera ulendo wa ku Joni akungondifunsa za ntchito ndi nyumba basi. Palibe wofunsa za tsiku limene adzafune kutengera mkazi wake kumalo odyera abwino. Tsikulo limafika abale anga, ndipo ine linandipeza ndili mbuli.

Tinkakumbukira tsiku la ukwati wathu, mayi a kunyumba n'kuti akufuna chakudya cha Chitaliyana. Ine Chitaliyana ndinkangochidziwira pa dzina la esiteti ya Conforzi kwathu kuno ku Thyolo. Pagulu lina la a Malawi pa WhatsApp panali mkulu wodzitcha ajenti, amene ankati amagulitsa mavocha a malesitilanti a ku Bedfordview pa theka la mtengo. Chichewa chake chinali chathu chomwechi, mpaka kumanditchula kuti alamu. Ndinamutumizira R1,500 ya anthu 6.

Tinatchena, n'kunyamuka ku Edenvale pa ma Uber awiri, alamu anga enieni ali momwemo. Pakhomo mtsikana anayang'ana vocha ija pafoni panga, n'kuitana manijala. Manijala anangopukusa mutu. Dzina langa m'buku munalibe, mkulu uja sankamudziwa, ndipo vocha yotero anali asanatulutsepo. Kuimba foni, yozima. Mkazi wanga anangozyolika, anthu akutidutsa kukakhala pansi. Kutacha, mkuluyo anali atatuluka pagulu paja, ndipo anthu ena atatu anaulula kuti nawonso anawadyera. Bwanji simunanene kale? Kukhala chete kwanu n'kumene kunandipweteketsa, ndipo mpaka lero mtima sunaphwe.

Kusungitsa tebulo sikufuna mkhalapakati. Imbani nokha nambala ya lesitilantiyo, kapena gwiritsani Dineplan, apu ya pafoni yosungitsira matebulo m'malesitilanti.

Malo abwino muwadziwa bwanji? Nyenyezi za pa Google Maps musazikhulupirire kwambiri. Funsani abale athu otsuka mbale ndi ophika, poti m'makhitchini ambiri a ku Joni simulephera kupezamo Mmalawi. Iwowo ndi amene amadziwa kumene amakanda okha ufa wa pasta ndi kumene amangotenthetsa za dzulo. Yambirani ku Bedfordview, kumene kuli Italian Club, kapena ku Norwood ndi Orange Grove, kumene Ataliyana anakhazikika kalekale. Mukaona menyu yaitali, muli sushi, baga ndi kare pamodzi ndi pizza, ine ndimati tulukani. Suzumirani ngati pali uvuni wa nkhuni, kenako itanitsani pizza yotchedwa Margherita. Ili ndi matimati, tchizi cha mozzarella ndi masamba a basil basi, ndiye wophika wosadziwa alibe pobisala.

Inu a ku Malamulo ndi abale athu achisilamu, tcherani khutu. Prosciutto ndi pancetta ndi nyama ya nkhumba, salami nayonso nthawi zambiri ndi nkhumba. Carbonara imaoneka yoyera bwino koma muli nkhumba, ndipo bolognese ena amasakaniza ng'ombe ndi nkhumba. Funsani musanaitanitse, osati mutatafuna kale. Pasta ikabwera yolimbirako pakati musakalipire woperekera zakudya kuti ndi yosapsa, amaiphika dala choncho, amati al dente. Mukaisowa nsima pali polenta, ndi chimanga chomwechi, kungoti chachikasu ndipo amathiramo batala kapena tchizi.

Pomwe ambiri timalira ndi pa bilu. Akakufunsani kuti still kapena sparkling, amenewo ndi madzi a m'botolo, ogula. Nenani kuti mukufuna a pampopi. Tipu, ndalama yothokozera woperekera zakudya, ku South Africa imayambira pa 10 peresenti ya bilu, ndipo perekani ndithu, mwina amene wakutumikiraniyo ndi mwana wa ku Luchenza wodalira yomweyo. Koma mukakhala gulu, malo ambiri amaiphatikiza kale pa bilu. Werengani mzere uliwonse mpaka pansi musanapereke khadi, mungalipire kawiri.